Kachala ka Chisanu ndi Chimodzi

Namwino wa pa Benga anatambasula kadzanja ka khanda langa
nawerenga ngati chenji cha pa golosale,
mpaka zisanu,
kenaka kena, kolendewera ngati nsawawa yosakhwima.
"Zimenezi kwanu zilipo?"
Ine langa ndinalibisa m'chitenje,
poti pambali pake pali kachipsera konga njere ya mapira.

Zilipo, anamwino.
Koma pepala lanulo lili ndi mzere umodzi wokha.

Ine ndine Elube wa Folomina.
Folomina kake anakamanga ndi usinga wa ng'ombe,
kanathothoka tsiku lachinayi, nkhuku n'kutola.
Manja otsalawo anathera m'minda ya nzimbe ku Dwangwa,
masamba kuwacheka, dzuwa kuwasoka,
mpaka ife tinadziwa kulemba maina athu.

Folomina wa Siyeni,
amene mwamuna wake anapita ku Joni atalonjeza makina osokera.
Kunabwera makalata awiri.
Kenaka bulangeti lokha, lonunkha fodya wachilendo.
Siyeni kake sanadule.
Ankawokera nako mpunga m'dambo, madzi m'mawondo,
ndipo ana anaika m'manda asanu ndi mmodzi.
Ankati, Mulungu anadziwiratu,
anandipatsa powerengera.

Apa ndiye pothera maso anga.
Zotsalazo ndinachita kupempha khomo ndi khomo ngati mchere.

Ku parishi buku la ubatizo linadyedwa ndi chiswe,
patsala "yeni, mwana wa A"
kenaka dothi.
Atsibweni a Lufeyo, okonza njinga pa Mkaika,
sipoko ili pakamwa, anati ameneyo ndi Asiyatu wa ku Linga,
anathawa ndi msema ng'oma,
abale ake n'kumulira ali moyo.
Mayi aakulu a Dolika akuti bodza,
anali Nagama, sanathawe, anachita kumupereka pa ngongole ya chimanga.
Awiriwa salankhulana chifukwa cha mbuzi ya chaka cha njala,
choncho Asiyatu ndimamunyamula pawiri,
wina kumsana, wina pamutu.

Koma pa mayi wake onse amatsitsa mawu.

Anachokera kumadzulo, wapansi,
goli m'khosi, mapazi atang'ambika ngati dambo la mu Okutobala.
Wogula anamuyasamitsa, naona mano,
anatembenuza manja, nawerenga,
nawerenganso,
nalavula:
wotereyu amamiza chombo.
Anzake anawoloka.
Iye anamusiya pa msika ngati dengu lobooka,
ndipo anthu, posowa pomuitanira, anangoti Watsala.
Akuti usiku ankabwebweta m'chinenero
chimene panalibe wochiyankha.
Akuti sankadya bowa.
Akuti ankaseka akaona mvula ya matalala.
Zimene tikudziwa n'zomwezo, zitatu,
za munthu amene tonsefe tinatuluka m'mimba mwake.

Namwino wadula kale ulusi wakuda.
"Ndiye timange? Sizipweteka, mulibe fupa."
Panja a kabaza akuimba belu,
bambo a mwana akudandaula za mtengo wa ulendo,
mayi wa pa bedi linalo akusuzumira.

Ndikuwerenga pa kadzanjaka chamumtima:
Watsala, chala chachikulu.
Asiyatu, kaya Nagama.
Siyeni. Folomina. Ine.
Zakwana zisanu.

Nanga aka?
Aka n'ka mayi uja anatsala kumadzulo,
amene anatuluka ndi mtsuko m'mawa wina
napeza mphasa ya mwana wake ikadali yofunda,
naitana dzina lenileni lija
kumunda, kuchitsime, m'mphepete mwa thengo,
mpaka mawu anauma.
Ameneyo alibe manda kuno, alibe mfunda,
alibe ngakhale wokangana za iye.
Ali ndi kanyama aka basi,
kamene kamabwera m'badwo uliwonse
kudzafunsa ngati mwana uja anapezeka.

Mumange mawa, anamwino.
Mwanayu sanatuluke m'chikuta, dzina alibe.
Lero lokha agone ndi zonse,
amvane kaye awiriwo.