Dilowa ya M'munsi

M'dilowa ya m'munsi, m'kanyumba kanga kometera kwa Chinsapo,
pakati pa malezala ndi botolo la sipiriti,
mumagona kabotolo kosaposa chala cha mkombaphala.
Anandisiyira a Nangondo, alangizi a zaumoyo,
atandiphunzitsa kawiri, ine ndikuseka:
Ndine wometa ine mayi, si dokotala.
Iwo anati, Dokotala ali ku Sentulo,
koma wokomoka amagwera pakhomo panu.

Dzina lake limandipinda lilime, nalokisoni.
Anyamata amangoti kodzutsa.

Lachinayi lija magetsi atathima,
makina ali zii, ine ndikuwerenga angongole anga,
kunatulukira kamtsikana, patapata mmodzi ali m'manja:
Achimwene, Tsalani sakudzuka!
Tinampeza kuseri kwa chigayo atatsamira njerwa,
milomo itachita phulusa,
timwanadiso tili ngati nsonga ya singano,
mpweya ukubwera mwa apo ndi apo, ngati mkonono wa kuchipinda china.
Pambali, timapepala ta tramado
ndi botolo la mankhwala a chifuwa, lopanda kanthu.

Anthu anali atazinga kale.
Uyu ati mmwetseni mkaka, uyo ati mthireni madzi,
wina ati musamkhudze, mudzayankha kupolisi.
Ndinagwada.
Manja awa sanjenjemera ndi lezala pakhosi pa munthu,
koma tsikulo ananjenjemera.
Ndinamgoneka chagada, kabotolo m'mphuno, fyuu, kamodzi.
Palibe.
Mphindi ziwiri zimenezo zinatalika kuposa mzere wa petulo.
Kenako chifuwa chinakwera.
Anatsokomola, nkunditukwana.
Sindinamvepo kutukwana kokoma chotere.

Tinamkweza pa njinga yamoto ya kabaza, wina kumbuyo atamfungatira,
poti a Nangondo anachenjeza:
kodzutsako kamatha mphamvu msanga, tulo tija timabwerera.

Ena kutchalitchi amati ndikulemekeza zoledzeretsa.
Sindiwayankha.
Mng'ono wanga Lonjezo tinamuika mvula ili pakati,
ndipo kummeta komaliza ndinammeta ndine, mutu uli zizirire.
Masiku amenewo m'dilowa munali malezala okha.

Tsalani sanasiyiretu, ndisaname.
Koma Loweruka anabwera, nkukhala pampando,
nati, Chepetsani m'mbalimu, pamwambapa musiye.
Ndinammeta mosafulumira,
anthu atatu akudikira pabenchi, akudandaula,
ine ndikungomvera kufunda kwa mutu wake
m'chikhatho changa.