Malikisi Atatu

Kuno ku Fresno, Ogasiti amawotcha ngati ng'anjo.
Ofesi yanga ili pansi, pafupi ndi makina a khofi,
ndipo ntchito yanga ndi kuwerenga manambala a ana a eni
n'kuponya mafomu m'mabokosi awiri.

Lero kwabwera Yesenia Barragán,
m'zikhadabo mukadali utoto wa mphesa,
setifiketi ya sekondale waikulunga m'pulasitiki
kuopa thukuta la m'basi.
Akufuna unamwino.
Pa mayeso athu olowera
wapereŵera ndi malikisi atatu.

Ndamufunsa za masamu.
Akuti mphunzitsi wawo anachoka chaka chachiwiri,
kenaka kunkangobwera ogwirizira, aliyense sabata yake,
ena ankayatsa filimu n'kukhala pakona.
"Anatikhozetsa tonse," akutero,
osadandaula, ngati akunena mtengo wa buledi.

Lamulo ndimalidziwa pamtima:
miyezi isanu ndi itatu m'kalasi yokonzekera,
yolipira ndalama zenizeni
koma yosawerengedwa pa digiri.
Ambiri amene ndawalozera khomo limenelo
sindinawaonenso.
Wina ndinamupeza akutsuka galimoto yanga,
anandipatsa moni, ine n'kuiwala dzina lake.

Dzulo pamsonkhano a Thorsen, ophunzitsa anamwino,
anamenya tebulo:
"Tsitsani mzerewo lero,
mawa wina adzaphonya mlingo wa mankhwala
pa mwana wa malungo!"
Sananame ayi.
Inenso ndili ndi amayi m'chipatala,
ndimafuna dzanja lodziwa kugawa.

Koma mzerewu anaulemba ndani,
ndipo anali atadya chiyani m'mawa umenewo?

Ndamuwerengera fizi pa kapepala,
mabuku, basi, ndi zina zotero.
Wayang'ana chazondoka, ali tsidya la tebulo,
milomo ikugwedezeka pang'ono.
"Pepani amayi, mwaonjeza madola makumi anayi."
Ndabwereza pa makina.
Ndaonjezadi.
Akuti kumunda ukapanda kuwerenga mabokosi ako
kapitawo amakuwerengera yekha.

Chidindo chili m'dzanja langa, inki yauma kale.
Bokosi lakumanja, bokosi lakumanzere.
Fomu yake ndaiika pakati,
ndaitsendereza ndi kapu ya khofi wozizira,
ndamuuza abwere Lachinayi,
ngakhale sindikudziwa chimene Lachinayi lidzasinthe.

Watuluka, akupinda pulasitiki yake mosamala.
Pamzere, mnyamata wa chipewa chofiira watsokomola
kuti ndidziwe kuti alipo.