Sikomo

Ntchito yanga ili kuseri kwa depoti ya Mangochi,
m'kachipinda ka malata kotentha ngati chiwaya.
Ndine ndimaika Chichewa m'kamwa mwa anthu a m'mafilimu.
Mtchaina akalumpha kuchoka padenga
ndimam'patsa mawu a khoswe wopanidwa ndi chitseko,
ana n'kumagwa m'mabenchi.
Mmwenye akamalira maliro a mayi ake
ndimati akulirira tchenji chimene chasowa m'kabati.
Zomwe akunena eni akewo sindizidziwa.
Ndimangotsitsa voliyumu yawo, n'kukweza yanga.

Loweruka lina kunabwera wanthabwala wa ku Limbe,
mapepala a nkhope yake atamatidwa mpaka pamlatho.
Ndinagula matikiti awiri.
Bambo anga, Che Mbwana, anasiya makina
singano ili chilasire yunifomu ya mwana wa eni,
navala mkanjo wa Lachisanu.
Kanali koyamba kuti ndiwatengere kokaseka.

Anayamba ndi apolisi a pamsewu. Tinaseka.
Anabwera pa makondakitala, bambo mpaka kupukuta misozi.
Kenaka anapisa dzanja m'jumbo,
natulutsa kachisoti koyera, n'kukakhazika pamutu mopendekeka,
tepi ya telala m'khosi,
mimba kutsogolo, mapazi kukhwekhwereza:
"Sikomo, sikomo! Ine sukulu ayi,
ine Joni basi, akasi anayi!"
Holo yonse inaphulika.
Inenso. Ndisaname, ndinayamba ndaseka.

Nditacheuka
ndinawapeza akumwetulira
monga amwetulira munthu pomwe nesi akum'baya jakisoni.
Dzanja lawo linakwera pang'onopang'ono,
linavula chisoti,
linachipinda pawiri, kenaka panayi,
n'kuchilowetsa m'thumba.
Dazi lawo ndinaliona koyamba pagulu tsiku limenelo.

Munthuyu amapemphera m'Chiarabu,
amatsatsa malonda m'Chipwitikizi ku Mandimba,
Chiswahili anatola kwa madalaivala a malole,
maloto amalota m'Chiyao.
Chichewa ndi chachisanu,
ndipo m'chachisanumo chilembo chimodzi chokha
ndicho chimawaterereka pa lilime.

Sikuti sadziwa kunyozedwa.
Pakhonde amachezerana ndi a Zimba okonza njinga:
"Mngoni iwe, wasamba ndi mowa lero?"
"Nanga iwe, mkazi wachitatu wam'peza?"
Tiyi amamwera kapu imodzi.
Koma pakhonde aliyense ali ndi pakamwa.
Mu holo muja maikolofoni inali imodzi.

Tinabwerera wapansi, njinga tikukankha.
Mpaka pa sitolo ya mafoni osalankhula kanthu.
Ndiye anati: "Mnyamata uja luso ali nalo.
Koma tepi anaigwira chozondoka.
Angasoke thalauza la mwendo umodzi."
Anaseka okha, pang'ono.
Pogula tomato kwa mayi wa pamphambano
ndinawamva akuti zzzikomo,
akulinyamula liwulo ngati ndowa yodzaza
imene akuopa kutaya.
Zaka zonsezi sindinawamvepo akuopa liwu.

Lolemba ndinatsegula kachipinda.
Filimu ya tsikulo, nkhalamba ya Chitchaina
yakhala pa mpando, kalata m'manja,
ikulankhula ndi mnyamata woima pakhomo ndi chikwama.
Khoswe wanga anali kale pakhosi.
Ndinam'meza.
Ndinakweza voliyumu ya nkhalambayo.
Mawu ake anali otsika, osasa,
ankaduka pakati, n'kuyambanso.

"Adha, tanthauzirani!" anakuwa ana.
"Bwezani ndalama zathu!"
Mmodzi anagenda chitsononkho pa sikirini.

Lendi ya mwezi uno sindinalipire,
ndipo mawa mwina khoswe adzabwerera,
njala siifunsa mtundu wa munthu.
Koma kwa mphindi zingapo
ndinangogwira maikolofoni chete,
ndikumvetsera bambo wa mwini
akunena zinthu zimene sindidzazidziwa,
m'chilankhulo chomwe sichim'terereka.