Kabuku ka Telala

Ine ntchito yanga ndi kuyeza amuna.
Zaka makumi awiri pakhonde lino ku Chibavi,
tepi m'khosi, choko kukhutu,
ndipo kabuku kanga kakuda sikadziwa kunama.

Tsamba ili ndi la Mzumara.
Chiuno sate-thu chaka chimene anakwatira,
sate-sikisi atagula minibasi,
fote-thu atagula yachiwiri.
Ankasisita mimba n'kumati,
"Izi ndi ndalama, a telala, onjezani nsalu."
Ndinkaonjeza.
Suti yomaliza sanabwere kudzayesa.
Anagwa padepoti akuwerenga chenje,
tinamuveka ali chigonere.
Inamukhala bwino,
ndipo chimenecho n'chomwe chinandiwawa.

Usiku womwewo ndinadzizunguliza tepi ndekha.
Fote-wani.
Ndinakoka mpweya, ndinabweza mimba,
tepi inakana ziphuphu.

Namwino wa ku Mapale,
kamtsikana ka msinkhu wa Tiwonge wanga,
anandikulunga chinsalu pamkono n'kuchipopa.
Nayenso ndi telala, kungoti amayeza m'kati.
"Mutu umapweteka, bambo?"
Ndinati ayi, ndili gwa ngati mlombwa.
Iye anati, "Nthenda iyi sigogoda pachitseko.
Mlombwa nawo umafumbwa uli chiimire."

Ndiye pano ndimadzuka nkhungu isanachoke ku Kaning'ina,
ndimatsika wapansi kuchokera ku Zolozolo,
jekete lonyowa ndi kamvula kopanda nyengo ka kuno.
Anyamata a kabaza amaliza belu,
"Tiyeni bwana, mwashota kodi?"
Ndimangokweza dzanja.
Sabata yoyamba mawondo ankandizenga mlandu,
pano angokhala chete.

Shuga mu tiyi anali masipuni anayi.
Ndinatsitsa n'kufika pa imodzi
ndipo kwa mwezi wathunthu ndinkamwa ngati chilango.
NyaKayira anabisa mchere kuseri kwa wailesi,
ndikudziwa pomwe uli,
iyenso akudziwa kuti ndikudziwa.
Masana ndimadutsa pachiwaya
fungo la tchipisi likundikoka malaya ngati wangongole,
ndimakagula nthochi ziwiri ndi peyala ku Zigwagwa.
Madzulo nyemba, mpiru, kausipa pang'ono.
Mashini akalira maola awiri ndimaimirira,
ndimamwa madzi, ndimaongola msana
ngati munthu wotuluka m'matola.

Lachisanu anzanga amafunsa,
"Walowa mpingo uti, Msowoya?"
Ndimakhala nawo ndithu, botolo limodzi,
pena osagwira n'komwe,
naini isanakwane ndili m'bulangete.
Fodya yekha ndiye tinalimbana.
Ndinamusiya katatu, anandipeza kawiri.

Sindine woyera.
Paukwati wa mwana wa Luhanga
ndinadya nkhumba mpaka batani linathawa.
Mawa lake ndinayendabe.

Chovuta kuposa mchere chinali pakamwa.
Ife anatiphunzitsa kumeza,
ngongole meza, mantha meza, maliro meza,
mwamuna salira.
Tsiku lina ndinamuuza Luhanga za lendi
ndi tulo tomwe tinkandithawa.
Anakhala duu, kenako anati,
"Ine ndimadzuka kasanu usiku kukataya madzi,
sindinauzepo munthu."
Lolemba tinapita tonse kuchipatala,
madoda awiri pabenchi la amayi,
tikuyang'ana nsapato zathu.

Dzulo ndabweza thalauza langa mainchesi awiri.
Ndinasoka pang'onopang'ono, mwaulemu,
ngati la kasitomala wolipiriratu.

Mdzukulu wanga Vinjeru ali sitandade thu.
Akuti diresi la ukwati wake ndidzasoke ndine.
Ndawerengetsa zaka, ndi zambiri,
koma ulusi ndili nawo.

Tsono iwe ukabwera kudzayezetsa suti
ndikagwada ndi tepi yanga pamimba pako,
usadabwe ndikakufunsa
kuti magazi ako anawayeza liti.
M'kabuku muno muli masamba
omwe ndinawajambula mtanda pakona,
ndipo choko changa chatopa.