Lawi Lachikasu Ndi Labodza

Juni wafika ku Joni ndi mano ake onse.
Udzu wa m'mbali mwa msewu wapsa ndi chisanu,
ndipo foni yanga, imene inagona miyezi yonse yotentha,
yayamba kulira kusanache.

Lero ndili ku Kensington, nyumba ya denga lofiira,
kwa mayi Oosthuizen, dzina limene lilime langa
limapunthwa nalo chaka chilichonse.
Iwonso la Chikhwaza linawakanika, amangoti Wyson.
Akuti hita ikukhosomola,
ndipo madzulo mutu ukumawapweteka.

Ndagwada. Ntchito iyi timaigwira chogwada.
Ndatseka gasi kaye,
ndamasula masikuluwu anayi, lachisanu linatayika kalekale,
ndachotsa chivundikiro.
M'katimo muli chaka chathunthu:
ubweya wa mphaka, fumbi la m'migodi yakale,
batani la juzi,
ndi kangaude amene wamanga nyumba pakabowo ka gasi
osalipira lendi.
Ndamusamutsa ndi mswachi wakutha.
Pepa, mnzanga, ndikudziwa mmene zimawawira.

Kabowoko n'kochepa ngati diso la singano.
Sukatokosa ndi waya, ungakakulitse.
Umakauzira, umakapukuta, n'kukaloza kudzuwa.
Payipi ya mpira yang'aluka pakhosi, ndaika ina.
Kenako sopo m'kapu, timadzi pang'ono,
thovu polumikizira paliponse.
Mphuno imapusitsika, thovu ayi:
pamene gasi akuthawira pamatupa kadiso,
kamaphulika, n'kutupanso.
Apa. Sipanala, kukhwimitsa pang'ono chabe.
Kadiso katsinzina.

Ndayatsa.
Lawi latuluka lachikasu, lalitali, likuvina,
lokoma m'maso ngati munthu wodzakongola ndalama.
Mayi aja akuti, taonani, layaka bwino!
Ayi, mayi. Lachikasu ndi labodza.
Likumeza gasi osatafuna, likulavula mwaye
ndi mpweya wina wopanda fungo, wopanda mtundu,
umene umagoneka munthu mwaulemu.

Sindinawauze za Binwell.
Tinakwera basi imodzi pa Wenela,
Mwanza, Tete, Beitbridge, tikupatsirana botolo limodzi la madzi.
Julaye wa chaka chachitatu, ku Diepsloot,
analowetsa mbaula m'kachisakasa kake ka malata,
natseka ming'alu yonse ndi nyuzipepala
kuti mphepo isalowe.
Sinalowedi.
M'mawa tinamupeza ali chigonere, bulangete mpaka m'khosi,
nkhope yosalala ngati akulota kwawo.
Tinasonkherana milungu iwiri
kuti bokosi likwere ngolo mpaka ku Luchenza.

N'chifukwa chake kasikuluwu ka mpweya ndimakapotoza pang'onopang'ono,
monga wosaka wayilesi yakutali pakati pa usiku.
Chikasu chikufupika, chikugwada,
nsonga zikuchita manyazi,
mpaka mzere wonse waima chilili, wabuluu,
wofanana msinkhu, ukung'ung'udza chapansipansi.
Ndikhala nawo mphindi khumi. Apa sindithamanga.
Ndazima dala kalawi kakang'ono kolondera
kuti ndione ngati valavu idzitsekera yokha.
Ndawerenga mumtima. Yati tha! Yatseka.

Zenera ilo, mayi, musalitseke lonse.
Muzisiya mpata wa zala ziwiri, kuzizire motani.
Aseka, akuti ndimanena zomwezo chaka ndi chaka.
Andipatsa marandi anga ndi tiyi m'kapu ya maluwa.
Mphaka wafika kale, wadzipinda patsogolo pa moto
ngati ndiye walipira.

Madzulo, m'takisi ya ku Rosettenville,
bokosi la zida pamiyendo, zala zikununkha sopo ndi gasi,
ndikuwerenga nyumba zimene ndafunditsa lero. Zinayi.
Kuchipinda kwanga kulibe hita.
Ndivala majuzi awiri, masokosi a mpira wamiyendo,
ndipo ndisanagone ndikankha zenera,
zala ziwiri,
ngakhale mulibe moto woti ndiuope.