Chimene Madzi Anafukula

Madzi atabwerera m'Shire, mwezi wa Epulo,
ndinapita kudimba ku Makhanga kukaona chotsala.
Khasu linagunda kanthu. Ndinayesa batani la jekete:
koyera, kozungulira, kokumbika m'mphepete
ngati wilo la njinga lopanda tayala.

Alufandika, wopalasa bwato, anakatembenuza pachikhatho,
nakalavulira, nakapukuta pamalaya.
"Ili ndi pelele. Mkazi ankalivala apa,"
anatero, akukhudza mlomo wam'mwamba.
"Ankayamba ndi munga, mwana asanamere mawere,
kenako kaudzu, kenako bango, bowo likukula ndi zaka.
Ena amati ankadziipitsa kuopa ogula anthu.
Ena amati kunali kutchena basi.
Iwe kafunse mwini wake."

Mwini wake ndi dothi lomwe ndimabzalamo mbatata.

Ndine amene, Khirisimasi yapitayi,
ndinam'tsekera chitseko Donaliya
atabwera kuchokera ku Nchalo ndi kandolo pamphuno.
Ndinati za m'mafoni izi,
kwathu kuno sizinaonekepo chiyambire,
ndinalumbira mpaka kutchula makolo.
Makolowo ndi awa, andiyankha ndi matope.

Usiku ndinakagunditsa pamlomo panga,
udzudzu wokha ukuimba m'khutu.
Kanali kozizira, kolemererako.
Ankamwa bwanji madzi m'chikho?
Akaseka, kankagwedezeka?
Akamaitana mwana wake kutsidya, dzuwa litapendeka,
mawu ankatulukira pati?

Mawa kuli msika ku Bangula,
minibasi ya ku Nchalo imaima pafupi ndi ogulitsa mlamba wouma.
Ndakamanga pansonga ya mpango.
Sindikudziwa ngati akukhalabe nyumba yomwe ija.