Wotchi ya pa Domwe

Kompyuta ya pachipatala cha Domwe
imadzuka m'chaka cholakwika.
Magetsi akangothima usiku,
m'mawa yabwerera pa 1 Januwale 2009,
ngati wamasiye wokana kuvula zakuda.

Lachiwiri ndinalembetsa mwana wa Fulujensiya,
makilo atatu, wolira bwino.
Pepala potuluka linati
anabadwa amake akadali m'kalasi yoyamba.
Anamwino anaseka mpaka kugwira khoma.
Ine ayi. Dzina losainira pansipo ndi langa.

Zefaniya, wokonza mafoni ku Ulongwe,
anaitsegula pamimba, nauzira fumbi,
natola kabatire konga khobidi la metikali:
"Aka ndiko kamawerenga nthawi
inu muli m'tulo. Kanafa kalekale."
Katsopano akuti kabwera pa chapa Loweruka.
Loweruka lake sanatchule.

Ndiye ndimalawira, mame asanakamuke,
kuyang'ana foni, kulemba tsiku, ola, mphindi,
kusankha nthawi ya ku Maputo,
mzinda umene phazi langa siliudziwa.
Netiweki ikadzuka ndi mtima wabwino
makinawa amafunsa okha wotchi ina yakutali,
yosaphethira,
yosadziwa kuti kuno phiri labisala m'nkhungu.
Timanambala ta pakona n'kudumpha,
mphindi zinayi zija ndinatsalira nazo
n'kuchoka osatsanzika.
Zimapita kuti?

Pakhonde amayi afola kale, makadi m'manja.
Wina wasuzumira pawindo:
"Nthawi ili bwanji, achimwene?"
Ndati, tadikirani pang'ono,
tikugwirizana kaye.